Zisankho zachipulula za ku America: chimapambanitsa munthu ndi dera lomukonda kapena liwiro la kupambana koyambirira?

Nachisale analemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga za momwe zipani ziwiri zazikulu za ku America zimapezera munthu wodzaziimirira pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, ndipo pali chinthu chimene chikundizunguza pa zisankho zachipulula za chipani cha Democratic za m'chaka cha 2020. A Joe Biden anayamba moipa kwambiri. Ku Iowa anakhala achinayi, ku New Hampshire achisanu, ndipo ku Nevada anakhala achiwiri koma atasiyidwa kutali ndi a Bernie Sanders. Atolankhani ambiri anali atayamba kulankhula ngati kuti kampeni yawo yatha. Kenako pa 29 Febuluwale anapambana ku South Carolina, ndipo pa 3 Malichi, tsiku limene amalitcha Super Tuesday, anatenga zigawo 10 mwa zigawo 14 zimene zinavota.

Ndaona mafotokozedwe awiri. Ena amati kupambana kwa ku South Carolina kunawapatsa liwiro, anthu n'kuyamba kuthamangira kumene kukuoneka kuti kuli chipambano. Ena amati palibe chimene chinasintha, chifukwa kum'mwera kwa dzikolo kunali kwa a Biden kuyambira kale, ndipo chisankho chinangofika kwawo. Mafotokozedwe onsewa sakundikhutiritsa. Ngati liwiro lili ndi mphamvu yotere, n'chifukwa chiyani a Sanders, amene anapambana ku New Hampshire ndi ku Nevada motsatizana, sanapite nalo ku South Carolina? Ndipo ngati nkhani ndi ya dera basi, a Biden anatenga bwanji Minnesota, Massachusetts ndi Maine, zigawo zakumpoto zimene palibe ankayembekezera kuti angazitenge? Amene mumazitsata bwino nkhanizi mundithandize.

Mbewe anayankha:

Mayi Nachisale, ine ndili kumbali ya amene amati dera ndilo limayamba, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Iowa ndi New Hampshire ndi zigawo zazing'ono, ndipo pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse okhala kumeneko ndi azungu. Mu 2020 Iowa inali ndi nthumwi (anthu okasankha woimira chipani pa msonkhano waukulu) 41 ndipo New Hampshire inali ndi 24, pamene nthumwi zonse zolimbirana pa zisankhozi zinali 3,979 ndipo wopambana ankafunika 1,991. Phokoso limene zigawo ziwirizi zimabweretsa limaposa kwambiri kulemera kwake. Chachikulu n'chakuti anthu ake safanana ndi otsatira chipani cha Democratic m'dziko lonse, chifukwa chipanichi chimadalira kwambiri mavoti a anthu akuda, ndipo ambiri mwa iwo ali kum'mwera. Ku South Carolina anthu akuda amaposa theka la ovota pa chisankho chachipulula cha chipanichi. Anthu amenewa ankawadziwa a Biden monga munthu amene anakhala wachiwiri kwa a Barack Obama zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira 2009 mpaka 2017, osawachitira mwano kapena kuwapikisa, ndipo kafukufuku wa maganizo a ovota ankawaika patsogolo m'chigawocho chaka chonse cha 2019. Pa 26 Febuluwale a Jim Clyburn, phungu wa m'chigawocho amene mawu ake amamveka kwambiri pakati pa anthu akuda, analengeza poyera kuti ali pambuyo pa a Biden. Zotsatira zake a Biden anapeza mavoti pafupifupi 48 pa 100 alionse, a Sanders pafupifupi 20, ndipo a Biden anatsogola m'maboma onse 46 a chigawocho.

Ndiye taonani zigawo zimene zinatsatira. Alabama, Virginia, North Carolina, Tennessee ndi Arkansas zilinso ndi ovota akuda ambiri, ngakhale kuchuluka kwawo kumasiyana, ndipo zonse zinapita kwa a Biden. Sabata yotsatira ku Mississippi anapeza mavoti opitirira 80 pa 100 alionse. Anthu amenewa sanafunike kukopedwa ndi liwiro. Anangodikira tsiku lawo lovota.

Funso lanu loyamba likuyankhidwa ndi zimene zinachitika mu 2016. Chaka chimenecho a Sanders anagonjetsa mayi Hillary Clinton ku New Hampshire ndi mpata waukulu, wa mavoti 22 pa 100 alionse, ndipo otsatira awo anakhulupirira kuti zinthu zatembenuka. Atafika ku South Carolina mayi Clinton anapeza mavoti oposa 70 pa 100 alionse, kenako anasesa kum'mwera konse. Kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo a Sanders anapambana motsatizana ku Idaho, Utah, Alaska, Hawaii, Washington, Wisconsin ndi Wyoming, atolankhani n'kuyambiranso kukamba za liwiro, koma pa 19 Epulo anagonja ku New York. Mndandanda wa masiku ovota unangosanjika mwakuti zigawo zowakonda zinatsatizana, ndipo zitatha zigawozo liwirolo linatha nazo. Kawirikawiri chimene timachitcha liwiro chimakhala kalendala chabe.

Nyirenda anayankha:

A Mbewe afotokoza bwino za kum'mwera, ndipo pamenepo sindikutsutsa. Koma funso lachiwiri la mayi Nachisale alidumpha, pamene ndi pomwe pagona nkhani.

Ku Minnesota a Sanders anapambana mu 2016, ndipo mu 2020 a Biden sanachiteko kampeni yooneka. Ku Massachusetts n'kwawo kwa mayi Elizabeth Warren, amenenso ankapikisana nawo, ndipo chigawocho chimachita malire ndi Vermont, kwawo kwa a Sanders. Komabe a Biden anatenga zonse ziwiri, mayi Warren n'kukhala achitatu pakhomo pawo pomwe. Kampeni ya a Biden inali yosauka poyerekeza ndi anzawo, pamene a Michael Bloomberg anali atawononga kale ndalama zoposa madola 500 miliyoni, zambiri mwa izo polengeza pa wayilesi yakanema, ndipo pa tsikulo anangopambana ku American Samoa kokha, zilumba zazing'ono zolamulidwa ndi America. Ngati dera ndi ndalama sizikufotokoza Minnesota, ndiye kuti china chake chinachitika pakati pa Loweruka la chisankho cha ku South Carolina ndi Lachiwiri la Super Tuesday.

Chimene chinachitika n'chodziwika. A Tom Steyer anasiya mpikisano usiku womwewo wa chisankho cha ku South Carolina. A Pete Buttigieg, amene anachita bwino kwambiri ku Iowa ndi ku New Hampshire, anasiya pa 1 Malichi. Mayi Amy Klobuchar, seneta wa ku Minnesota, anasiya pa 2 Malichi, ndipo tsiku lomwelo iwo pamodzi ndi a Buttigieg ndi a Beto O'Rourke, phungu wakale wa ku Texas, anakaima ndi a Biden mumzinda wa Dallas ku Texas komweko. Ovota ambiri a chipanichi ankafuna chinthu chimodzi koposa zonse, ndicho munthu woti akagonjetse a Donald Trump, ndipo ochuluka mwa iwo ankaopa kuti mfundo za a Sanders zikathawitsa anthu apakatikati. Vuto lawo linali lakuti amene akanatha kuwavotera analipo anayi kapena asanu, ndipo palibe ankadziwa kuti wolimba ndi uti. South Carolina inawauza. Liwiro kwenikweni ndi uthenga umenewu: ovota ndi atsogoleri a chipani amaphunzira kuchokera ku zotsatira za chigawo china kuti voti yawo ikhala yaphindu kwa ndani.

Umboni wina uli m'mavoti oponyedwa tsiku lisanafike. Ku California, Colorado ndi Utah anthu ambiri amavota kudzera pa positi, ndipo ochuluka anali atatumiza kale mavoti awo South Carolina isanavote. A Sanders anapambana m'zigawo zitatu zonsezi. Ku Texas amene anavota msanga anakondera a Sanders, koma amene anapanga chiganizo m'masiku omaliza anapita kwa a Biden mochuluka moti anapambana, ngakhale ndi mpata wochepa. Anthu a m'chigawo chimodzi, ofanana m'zambiri, anavota mosiyana malinga ndi tsiku limene anavotera. Dera silingafotokoze zimenezo.

Ndiwonjezere chitsanzo cha 2008, chifukwa chikusonyeza kuti ngakhale chithandizo cha dera chimatha kusuntha. Chakumapeto kwa 2007 kafukufuku ankasonyeza kuti anthu akuda ambiri a chipanichi anali ndi mayi Clinton, ndipo a John Lewis, mmodzi mwa akuluakulu olemekezeka a nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda, analengeza kuti ali kumbali yawo. Ambiri ankawakonda a Obama koma ankakayika ngati azungu angawavotere. A Obama atapambana ku Iowa pa 3 Januwale 2008, chikayikocho chinachoka, ndipo pa 26 Januwale anatenga South Carolina ndi mavoti pafupifupi 55 pa 100 alionse. Mwezi wotsatira a Lewis anasintha n'kupita kwa a Obama. Apa chigawo cha azungu ndicho chinamasula mavoti a kum'mwera.

Mbewe anayankha:

Achimwene a Nyirenda, za Minnesota ndavomera, ngakhale ndinganene kuti kumeneko kunali kusamutsa katundu wa mayi Klobuchar, amenenso ndi chithandizo cha dera, kungoti cha munthu wina. Za California ndi Colorado musafulumire, chifukwa a Sanders anali amphamvu kale kumadzulo, makamaka pakati pa achinyamata ndi anthu ochokera ku Latin America, monga zinaonekera ku Nevada, kotero n'kovuta kulekanitsa mavoti a positi ndi chikondi cha kumeneko.

Ndipo 2008 yomweyo ikuikira umboni mbali yanga. Pambuyo pa Super Tuesday ya chaka chimenecho a Obama anapambana zisankho 11 zotsatizana m'mwezi wa Febuluwale. Ngati pali munthu amene anakhalapo ndi liwiro, anali iwowo. Komabe pa 4 Malichi mayi Clinton anatenga Ohio, mu Epulo anatenga Pennsylvania, ndipo pa 13 Meyi, aliyense akudziwa kuti a Obama ndiwo adzaimire chipani, West Virginia inapatsa mayi Clinton mavoti pafupifupi 67 pa 100 alionse pamene a Obama anapeza pafupifupi 26. Kentucky inachita chimodzimodzi sabata yotsatira. Azungu a kumapiri a Appalachia, kumene kuli zigawo ziwirizi, sanasunthike. Liwiro lili ngati mvula yoyamba: imameretsa mbewu imene inali kale m'nthaka, koma pamene sipanadzalidwe pamamera udzu. Anthu akuda a ku South Carolina ankawafuna kale a Obama, n'chifukwa chake Iowa inawamasula. A ku West Virginia sankawafuna, ndipo kupambana kulikonse sikunawasinthe.

Nabanda anayankha:

Abambo awiriwa akutsutsana pa zimene zili m'mitima ya ovota, koma pali chinthu chachitatu chimene chimasankha kuti pa awiriwa wolondola akhala ndani m'chaka chakutichakuti, ndicho malamulo ogawira nthumwi ndi kuchuluka kwa opikisana.

Chipani cha Democratic chimagawa nthumwi molingana ndi mavoti amene munthu wapeza, koma kuti alandireko kanthu ayenera kufika mavoti 15 pa 100 alionse, m'chigawo chonse kapena m'dera la phungu. Lamulo limeneli ndilo linapangitsa kuti a Buttigieg ndi mayi Klobuchar asiye msanga. Akanakhalabe, iwo ndi a Biden ndi a Bloomberg akanagawana mavoti, ena n'kulephera kufika pa 15 m'madera ambiri, ndipo a Sanders akanatuta nthumwi zochuluka ku California, kumene kunali 415, ndi ku Texas, kumene kunali 228, ngakhale ali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti. Lamulo logawana lomweli limachititsanso kuti kupambana ndi mpata waukulu m'dera limodzi kukhale kwaphindu kuposa kupambana pang'onopang'ono m'madera ambiri. Mayi Clinton mu 2016 ndi a Biden mu 2020 anasonkhanitsa nthumwi kum'mwera ndi mipata ikuluikulu, ndipo wowatsatira akanapambana ngakhale zigawo zingati ndi mavoti 52 kwa 48 sakanawapeza.

Ku chipani cha Republican zinthu n'zosiyana, chifukwa zigawo zina zimapereka nthumwi zonse kwa amene watsogola. Pa 15 Malichi 2016 a Trump anatenga nthumwi zonse 99 za ku Florida ali ndi mavoti osafika theka. Pa malamulo otere liwiro limaluma kwambiri. Mu 2008 a John McCain anapambana ku New Hampshire, South Carolina ndi Florida ndi mipata yosakula, kenako anatenga nthumwi zonse za New York ndi New Jersey, pamene a Mike Huckabee, amene anapambana ku Iowa, Alabama, Georgia, Tennessee ndi kwawo ku Arkansas, anatsala ali mfumu ya dera limodzi. Ndipotu Iowa ku chipani chimenechi yakhala ikunamiza anthu: a Huckabee mu 2008, a Rick Santorum mu 2012 ndi a Ted Cruz mu 2016 onse anapambana kumeneko mothandizidwa ndi Akhristu a mipingo ya evanjeliko, ndipo palibe mmodzi yemwe amene anadzaimira chipani.

Koma dera nalonso limakhumudwitsa amene amalidalira lokha. Super Tuesday yaikulu yoyamba, ya pa 8 Malichi 1988, inakonzedwa ndi atsogoleri a chipani cha Democratic a kum'mwera, amene ankafuna kuti zigawo zawo zivote tsiku limodzi n'cholinga choti zitulutse munthu wapakatikati wokomera dera lawo. Zinawatembenukira. A Jesse Jackson anatenga Alabama, Georgia, Louisiana, Mississippi ndi Virginia, a Al Gore anatenga Tennessee, Kentucky, North Carolina, Arkansas ndi Oklahoma, ndipo a Michael Dukakis a ku Massachusetts, amene anali mtundu wa munthu amene okonzawo ankamuthawa, anatenga Texas ndi Florida n'kudzaimira chipani. Dera likagawanika pakati pa anthu awiri, mphamvu yake imathera pompo. Chitsanzo china ndi cha a Rudy Giuliani, meya wakale wa mzinda wa New York, mu 2008, amene ananyalanyaza zigawo zoyambirira poyembekezera Florida, kumene kuli anthu ambiri ochokera ku New York. Pofika tsiku la Florida anthu anali atawaiwala, anakhala achitatu ndipo anasiya mawa lake. A Biden akanatha kugwa chimodzimodzi, kungoti kukhala achiwiri ku Nevada kunawasunga amoyo sabata imodzi imene ankaifuna.

Nachisale analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi Nabanda pa nkhani ya malamulo, imene sindinaiganizireko. Ndatsala ndi mafunso awiri aafupi. Kodi kupambana m'chigawo cha kwanu kumawerengedwa ngati chizindikiro cha mphamvu? Ndipo kodi chithandizo cha dera chimene mukunenachi n'chofanana ndi chimene timachiona kwathu kuno, monga mu 1994 pamene kumpoto kunavotera a Chakufwa Chihana, pakati a Kamuzu Banda, ndipo kum'mwera a Bakili Muluzi?

Nyirenda anayankha:

Pa funso loyamba, mayi, kupambana kwanu sikukupatsani kanthu, koma kugonja kwanu kumakuphani. Chifukwa chake n'chomwe ndinanena chija, kuti liwiro limabadwa pamene zotsatira zauza anthu chinthu chimene sankachidziwa. Mu 1992 a Tom Harkin, seneta wa ku Iowa, anapeza mavoti oposa magawo atatu mwa anayi m'chigawo chawocho, ndipo palibe anatekeseka, popeza anzawo sanavutike n'komwe kukapikisana nawo kumeneko. A Paul Tsongas anapambana ku New Hampshire, koma poti anali ochokera ku Massachusetts, chigawo choyandikana nacho, atolankhani anatembenukira kwa a Bill Clinton amene anakhala achiwiri pa nthawi imene mbiri zoipa zinkaoneka kuti zawamaliza. A Clinton anatenga Georgia, kenako anasesa kum'mwera pa 10 Malichi, koma chimene chinatseka nkhani ndi kupambana kwawo ku Illinois ndi Michigan pa 17 Malichi, kunja kwa dera lawo, ndipo a Tsongas anasiya patangodutsa masiku awiri. Mu 2016 a John Kasich anapambana kwawo ku Ohio kokha ndipo sizinawafikitse kulikonse, pamene a Marco Rubio anagonja kwawo ku Florida n'kusiya usiku womwewo. Mayi Nikki Haley, amene anakhala bwanamkubwa wa South Carolina kuyambira 2011 mpaka 2017, anagonja kwa a Trump m'chigawo chomwecho mu Febuluwale 2024, ndipo pasanathe masabata awiri anali atachoka mu mpikisano.

Pa funso lachiwiri, kufanana kulipo koma n'kochepa. Kwathu zipani zimasankha woimira pa msonkhano waukulu wa nthumwi umene umatha m'masiku ochepa, kotero palibe mpata woti zotsatira za chigawo chimodzi zisinthe maganizo a chigawo china mwezi wotsatira. Komanso zimene munatchula za 1994 zinali za chisankho cha dziko lonse, ndipo anthu ankatsata kwawo kwa munthu. Ku America kwawo kwa munthu kumathandiza pang'ono, koma a Biden ndi a ku Delaware, obadwira ku Pennsylvania, ndipo a Trump amene amakondedwa kwambiri kum'mwera anakulira ku New York. Dera kumeneko limaimira mtundu wa anthu okhalamo, chipembedzo chawo, zaka zawo ndi maphunziro awo.

Nabanda anayankha:

Ndingowonjezera chimodzi pa zimene a Nyirenda anena, chifukwa chimasokoneza anthu ambiri. Dera limene limakupatsa utsogoleri wa chipani silikhala nthawi zonse dera limene limakupatsa dziko. Mwa zigawo zakum'mwera zimene zinadzutsa a Biden m'masiku anayi aja, South Carolina, Alabama, Tennessee, Arkansas, Oklahoma, Texas ndi North Carolina zonse zinavotera a Trump mu Novembala 2020, ndipo Virginia yokha ndiyo inakhala nawo. Otsatira a Sanders akhala akudandaula kuyambira 2016 kuti woimira chipani amasankhidwa ndi zigawo zimene chipanicho sichingapambaneko, pamene ena amayankha kuti anthu akuda a kum'mwera ndi otsatira okhulupirika koposa onse ndipo chisankho chachipulula ndi malo okhawo amene voti yawo imalemera pa nkhani ya mtsogoleri wa dziko. Mkanganowu unafika mpaka pa kalendala yeniyeniyo. Pokonzekera 2024, a Biden anapempha chipani kuti South Carolina ikhale yoyamba kuvota m'malo mwa Iowa, chipani chinavomera n'kuika tsiku la 3 Febuluwale, koma New Hampshire, imene ili ndi lamulo lakelake loti iziyamba ndiyo kuchititsa chisankho chachipulula, inakana kusuntha ndipo inavota mu Januwale popanda dzina la a Biden pa pepala lovotera.